Kutupa Pambuyo Poikidwa Dzino Lachitsulo: Kodi Masapulimenti Amagwira Ntchito Yanji?

Munthu akangotuluka m'chipinda cha dokotala wa mano atamuika muzu wachitsulo m'nsagwada, alangizi amachuluka kuposa mankhwala amene wapatsidwa. Wina amamuuza kuti amwe madzi a chinanazi, wina amamutumizira pa WhatsApp chithunzi cha botolo la turmeric, winanso amanenetsa kuti mafuta a nsomba ndiwo anapoletsa msanga bala la mlamu wake. Likafika tsiku lachiwiri, tsaya litafufuma ngati walumidwa ndi mavu, malangizo onsewa amayamba kumveka anzeru, makamaka kwa munthu amene walipira ndalama zambiri ndipo akuopa kuti dzinolo lingakane kugwira. Amene anakaikitsa dzinolo kunja, kaya ku Johannesburg kapena ku India, amabwerera kwawo bala lisanapole, ndiye mafunso awo amayankhidwa ndi wogulitsa m'famase kapena intaneti m'malo mwa dokotala amene anawachita opaleshoni.

Chisokonezo chagona pa mawu akuti kutupa. Otsatsa malonda amakutchula ngati mdani woyenera kugonjetsedwa, pamene madokotala a mano amadziwa kuti popanda kutupa kwa masiku oyamba fupa silingagwire chitsulo. Kuti munthu aone pamene mapiritsi ogula owonjezera pa chakudya, otchedwa masapulimenti, angathandize, pamene angangodya ndalama, ndi pamene angavulaze, ayenera kuyamba wamvetsa zimene zikuchitika pansi pa nkhama.

Chimene chimaikidwa m'nsagwada

Dzino lotere n'losiyana ndi mano ochita kuvala aja amene munthu amavula usiku n'kuwaika m'kapu. Chimene madokotala amachitcha implant ndi kachitsulo kamazinga ngati bawuti, kawirikawiri kopangidwa ndi titaniyamu, kamene kamamangidwa m'fupa m'malo mwa muzu wa dzino lozuka. Dokotala amatsegula nkhama, amaboola fupa pang'onopang'ono, n'kulowetsa kachitsuloko. Poboolapo amathira madzi amchere ozizira osalekeza, chifukwa kafukufuku wa ku Sweden wa mu 1983 anaonetsa kuti fupa likatentha kufika madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha limayamba kuwonongeka. Dzino loyera limene anthu amaliona limadzaikidwa pamwamba pambuyo pake, nthawi zambiri pakapita miyezi 3 mpaka 6.

Njira imeneyi inachokera kwa Per-Ingvar Brånemark, dokotala wa ku Sweden amene m'zaka za m'ma 1950 ankafufuza kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu pogwiritsa ntchito tizipangizo ta titaniyamu. Pofuna kutichotsa anapeza kuti fupa latigwiriratu. Mu 1965 anaika mizu yake yoyamba ya titaniyamu mwa munthu, Gösta Larsson wa ku Gothenburg, amene anakhala nayo mpaka imfa yake mu 2006. Kugwirana kwa fupa lamoyo ndi chitsulo kumeneku Brånemark anakutcha osseointegration, ndipo ndi pamene pagona opaleshoni yonseyi.

Kugwira kwa kachitsuloka kuli pawiri. Pa tsiku loyamba kamagwira monga mmene msomali umagwirira m'thabwa, chifukwa chothinana basi. Pakapita miyezi kamagwira monga mmene mtengo wa m'malire a munda umamezera waya amene anaukulunga kalekale, mpaka waya ndi khungwa kukhala chinthu chimodzi. Pakati pa kugwira kuwiriku pali nyengo yofooka, cha m'sabata yachiwiri mpaka yachinayi, pamene fupa lakale limene linathina kachitsuloko likuchotsedwa koma latsopano lisanakhwime. Anthu ambiri amaganiza kuti tsaya likaphwa ndiye kuti achira, chikhalirecho ntchito yeniyeni ya m'fupa imakhala ili pakati.

Chifukwa chake thupi limatupa

Mawu achizungu akuti inflammation amanena zambiri kuposa kufufuma kumene timaona ndi maso. Zaka pafupifupi 2,000 zapitazo Celsus, mlembi wa ku Roma, anatchula zizindikiro zake zinayi, zomwe ndi kufiira, kutentha, kufufuma ndi kupweteka. Zonsezi ndi chionetsero cha ntchito imodzi, yomwe ndi kuyankha kwa thupi pamene lavulala.

M'mphindi zoyamba magazi amaundana mozungulira kachitsuloko, ndipo magazi oundanawo amakhala ngati nsanja imene maselo ena adzakwerapo. Mitsempha yaing'ono imatakasuka n'kuyamba kudontha madzi, ndiye chifukwa chake tsaya limafufuma ndi kutentha. M'maola ochepa mumafika asilikali oyamba a m'magazi, otchedwa neutrophil, amene amapha mabakiteriya olowa kuchokera m'kamwa. Pakapita tsiku limodzi kapena atatu mumachuluka maselo ena aakulu otchedwa macrophage, amene amameza zinyenyeswa za fupa ndi maselo akufa. Chochititsa chidwi n'chakuti maselo omwewa akamaliza kusesa amasintha ntchito, n'kuyamba kuitana mitsempha yatsopano ndi maselo omanga fupa. Ndiye kutupa kukaletsedweratu, uthenga woitana amisiri nawonso sutumizidwa bwino.

Aliyense amene anasosapo m'munda amamvetsa zimenezi. Moto wotentha mapesi ndi zitsotso umakonza malo odzalapo, koma uyenera kuyaka nthawi yake n'kuzima. Ukapitirira umalowa m'tchire n'kufika pa nkhokwe. Cholinga cha dokotala si kuletsa motowo kuyaka, koma kuonetsetsa kuti wazima pa nthawi yake ndiponso kuti wodwala asavutike kwambiri pamene ukuyaka.

Kutupa kwabwinobwino kumafika pachimake pakati pa maola 48 ndi 72, kenako kumayamba kuphwa, ndipo pomatha sabata kumakhala kutachepa kwambiri. Kumakhala kwakukulu ngati mizu yaikidwa yambiri, kapena ngati dokotala anawonjezera fupa pamalo pamene linali lopyapyala. Khungu likhoza kuda pang'ono kapena kusanduka lachikasu mpaka m'khosi, zomwe ndi magazi chabe amene anatayikira pansi pa khungu. Mfundo ya masikuyi ndi yofunika kwambiri poweruza mankhwala alionse. Munthu amene wayamba kumwa mapiritsi ogula pa tsiku lachitatu adzaona tsaya likuphwa pa tsiku lachinayi, ndipo adzayamikira mapiritsiwo ndi mtima wonse, ngakhale kuti likanaphwa lokha.

Kutupa kumene kuli chenjezo

Pali kutupa kwina kumene palibe botolo la m'famase lingakuthetse. Ngati tsaya likupitiriza kukula pambuyo pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, ululu ukuwonjezeka m'malo mochepa, pabala pakutuluka mafinya kapena fungo loipa, thupi likutentha, kapena kachitsuloko kakugwedezeka, ndiye kuti mwina mabakiteriya akhazikika pabalapo ndipo dokotala ayenera kuona tsiku lomwelo. Dzanzi la mlomo wam'munsi kapena chibwano limene silikutha mankhwala ochititsa dzanzi atatha mphamvu nalonso n'lofunika kulinena msanga, chifukwa mtsempha wa m'nsagwada yam'munsi umadutsa pafupi ndi pamene mizu imaikidwa. Kutupa pansi pa lilime, kulephera kumeza kapena kupuma movutikira ndi ngozi yofunika kuthamangira kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.

Mtundu wachitatu umabwera mwakachetechete patapita miyezi kapena zaka. Mabakiteriya akaunjikana m'mphepete mwa dzino lachitsulo, nkhama zimafiira n'kumatuluka magazi potsuka, ndipo vutolo likalekereredwa limatsikira m'fupa n'kuyamba kulidya. Matenda odya fupawa amatchedwa peri-implantitis. Ofufuza a ku Gothenburg, Jan Derks ndi Cristiano Tomasi, ataphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana mu 2015 anapeza kuti pafupifupi anthu 43 pa 100 alionse okhala ndi mano otere anali ndi kutupa kwa nkhama, ndipo 22 pa 100 anali ndi matenda ofika m'fupa. Mankhwala ake ndi kuchotsa mabakiteriyawo, kunyumba ndi mswachi komanso kuchipatala ndi zida za dokotala. Pamenepa mapiritsi ochepetsa kufiira akhoza kungobisa chizindikiro pamene fupa likutha.

Masapulimenti ndi malamulo ake

Masapulimenti ndi mapiritsi, ufa kapena madzi amene amagulitsidwa kuti awonjezere pa chakudya, monga mavitamini, michere ya m'nthaka ngati kashiamu ndi zinki, mafuta a nsomba, ndi zitsamba zoikidwa m'makapisozi. Kusiyana kwake ndi mankhwala a kuchipatala kuli pa zimene lamulo limafuna asanafike pa shelefu. Ku America, kumene ambiri mwa mabotolo ogulitsidwa pa intaneti amachokera, lamulo la mu 1994 limalola kampani kugulitsa sapulimenti popanda kuonetsa kaye ku FDA, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala, kuti imachizadi kanthu. N'chifukwa chake zolemba za pabotolo zimakonda mawu ozungulira monga akuti imathandizira mafupa kapena imalimbikitsa chitetezo, osati akuti imachiza.

Zimene anthu amamwa pambuyo pa opaleshoni ya mano zili m'magulu awiri osiyana kwambiri, ngakhale kuti m'sitolo zimakhala pa shelefu imodzi. Gulu loyamba ndi zipangizo zomangira zimene thupi limafunadi. Lachiwiri ndi zitsamba ndi mafuta amene amati amachepetsa kutupa.

Zipangizo zomangira: vitamini D, vitamini C, kashiamu ndi mapuloteni

Pa zonsezi, vitamini D ndi amene madokotala oika mano amamukamba kwambiri, chifukwa popanda iye matumbo satenga kashiamu wokwanira m'chakudya, ndiponso amakhudza kagwiridwe ntchito ka asilikali a m'thupi. Kafukufuku wa ku Italy wofalitsidwa mu 2018 anaunika anthu 885 amene anaikidwa mizu 1,740. Mwa amene vitamini D wawo anali wotsikitsitsa, pafupifupi 11 pa 100 anataya muzu fupa lisanaugwire, pamene mwa amene anali naye wokwanira anali pafupifupi 3 pa 100. Manambalawa amaoneka oopsa, koma gulu la anthu otsikitsitsalo linali la anthu 27 okha, ndipo ofufuzawo ananena okha kuti kusiyanako sikunafike pa mlingo wotsimikizira kuti sikunangochitika mwamwayi. Chimene tingatengepo n'chakuti kusowa kwenikweni kwa vitamini D n'koyenera kukonzedwa opaleshoni isanachitike, osati kuti aliyense akamwa wambiri fupa lake ligwira msanga.

Khungu limapanga vitamini ameneyu likawombedwa ndi dzuwa, choncho amene ali pachiopsezo ndi okalamba osatuluka m'nyumba, odwala impso kapena matumbo, ndi anthu akhungu lakuda okhala m'mayiko a dzuwa lochepa. Ku Britain boma limalangiza anthu ochokera ku Africa kuti aziganizira zomwa mamayikulogalamu 10 tsiku lililonse chaka chonse, ndiye m'bale wathu wa ku Leeds kapena ku Glasgow ali ndi chifukwa chomveka choyezetsa magazi asanaikitse dzino. Malire amene akatswiri amaika kwa munthu wamkulu ndi mamayikulogalamu 100 patsiku, omwe pabotolo amalembedwa kuti 4,000 IU. Vitamini D amasungidwa m'mafuta a m'thupi, ndipo akachulukitsa kwa nthawi yaitali amakweza kashiamu m'magazi mpaka kuvulaza impso. Zili ngati feteleza, amene amadzutsa chimanga cha pa nthaka yoguga koma amatentha mizu akathiridwa mopyola.

Vitamini C ndi wofunika popanga kolajeni, ulusi umene umalumikiza nkhama, khungu ndi fupa. Akasoweratu nkhama zimatuluka magazi ndipo mabala sapola, matenda amene anapha amalinyero ambiri dokotala wa ku Scotland James Lind asanayese kuwapatsa malalanje ndi mandimu mu 1747. Mwamuna amafunika mamiligalamu 90 patsiku, mkazi 75, ndipo wosuta fodya amafunika 35 owonjezera. Ku China, kafukufuku wa mu 2018 wa anthu 128 oikidwa mano anapeza kuti mamiligalamu 300 patsiku kwa sabata imodzi anathandiza bala kutsekeka bwino mwa anthu amene anali ndi matenda a nkhama ndi amene anawonjezeredwa fupa, koma sanachepetse ululu. Mlingo wotere chakudya chimaukwanitsa mosavuta, popeza magalamu 100 a gwafa ali ndi mamiligalamu oposa 200. Chofunika kusamala ndi njere zake, zimene zimalowa pabala, ndiye ndi bwino kupota gwafayo n'kumusefa. Papaya wakupsa ndi madzi a malambe osazizira kwambiri nazonso n'zabwino. Kupitirira mamiligalamu 2,000 patsiku kumatsegula m'mimba ndipo kumawonjezera chiopsezo cha timiyala ta mu impso mwa anthu ena.

Chimene chimaiwalika kwambiri ndi mapuloteni. Munthu wopweteka m'kamwa amatha masiku angapo akumwa tiyi ndi phala loyera basi, pomwe bala likufuna zomangira. Mazira, mkaka, chambiko, chipere, phala lothira nsinjiro, ndi usipa kapena matemba osinjidwa kukhala ufa zimapereka mapuloteni, ndipo mkaka ndi tinsomba todyedwa ndi minga yake timaperekanso kashiamu, amene munthu wamkulu amafunika pafupifupi mamiligalamu 1,000 patsiku. Ufa wa kolajeni wogulitsidwa m'mabotolo umagayidwa m'mimba ngati mapuloteni ena onse, ndipo supita wokha kukakhala pabala. Zinki nayenso amathandiza bala mwa munthu amene akumusowa, koma kupitirira mamiligalamu 40 patsiku kwa nthawi yaitali kumatsitsa kopa m'thupi.

Zimene amati zimachepetsa kutupa

Nkhani ya chinanazi inatchuka kwambiri pa TikTok mu 2021, pamene achinyamata ankamwa malita a madzi ake asanakazulitse mano akumapeto. Ili ndi phata loona. M'chinanazi muli bromelain, gulu la maenzayimu ogaya mapuloteni, ndipo kafukufuku angapo aang'onoang'ono a anthu ozulidwa mano akumapeto anapeza kuti makapisozi ake amachepetsako kutupa ndi ululu. Ku Germany komiti ya boma yoona za mankhwala a zitsamba, yotchedwa Commission E, inamuvomereza pa kutupa kobwera pambuyo pa opaleshoni, makamaka ya mphuno. Koma pali zinthu zitatu zimene nkhani ya pa foni simanena. Bromelain wa m'makapisozi amatengedwa mu tsinde la chinanazi, osati m'chipatso chimene timadya. Madzi a m'mapaketi ndi m'zitini amatenthetsedwa kuti asawonongeke, ndipo kutenthako kumapha enzayimuyo. Chachitatu, madziwo ali ndi asidi amene amanyereketsa pabala, komanso shuga wochuluka amene munthu wa matenda a shuga sangamupirire. Bromelain akhozanso kuchedwetsa kuundana kwa magazi ndi kukweza m'magazi mlingo wa amoxicillin, mankhwala opha mabakiteriya. Komanso umboni wambiri umene ulipo ndi wa kuzula mano, pamene cholinga ndi kuti dzenje litsekeke, osati wa fupa limene liyenera kugwira chitsulo kwa zaka makumi.

Turmeric, muzu wachikasu uja wokometsera ndiwo, uli ndi curcumin, amene mu labotale amaletsadi mauthenga ena oyambitsa kutupa. Vuto lake n'lakuti matumbo amamulowetsa wochepa kwambiri m'magazi. Pofuna kugonjetsa vutoli makampani amawonjezera piperine wochokera ku tsabola wakuda, amene kafukufuku wa ku India wa mu 1998 anapeza kuti amachulukitsa kalowedwe ka curcumin pafupifupi ka 20. Kuchulukitsa komweku ndi kumene kwabweretsa nkhawa. Mu 2019 ku Italy anthu oposa 20 anadwala chiwindi atamwa masapulimenti a turmeric, ndipo mu 2023 bungwe loona za mankhwala la ku Australia linachenjeza anthu za vuto lomweli. Izi zimachitika mwa anthu ochepa, ndipo sizikukhudza kasupuni kothira mumpunga kapena mu nyama. Koma munthu amene akumwa kale paracetamol ndi mankhwala opha mabakiteriya ayenera kudziwa kuti chiwindi chake chili kale pa ntchito. Mkodzo wakuda, maso achikasu, nseru ndi kufooka kosazolowereka ndi zizindikiro zosiyira makapisoziwo n'kupita kuchipatala.

Mafuta a nsomba, odziwika kuti omega-3, ali ndi nkhani yosangalatsa kwambiri kumbali ya sayansi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Charles Serhan ndi anzake ku Harvard anapeza kuti thupi limasandutsa mafutawa kukhala timankhwala totchedwa resolvin, timene sitiletsa kutupa kuyamba koma timakuuza kuti nthawi yakwana, kuleke. Zimenezi zikugwirizana ndendende ndi zimene bala limafuna. Komabe zimene zimaoneka mu labotale ndi mu nyama sizinasandukebe malangizo a kuchipatala, moti mu 2020 bungwe la akatswiri a nkhama a ku Ulaya, European Federation of Periodontology, linalangiza kuti omega-3 asagwiritsidwe ntchito ngati chowonjezera pochiza matenda a nkhama. Mantha akale akuti mafutawa amachititsa magazi kutuluka kwambiri anachepa pambuyo pa kafukufuku wotchedwa OPERA, wa anthu 1,516 ochitidwa opaleshoni ya mtima, amene sanapeze kuwonjezeka kwa kutaya magazi. Mafutawa amatenganso masabata kuti alowerere m'maselo, ndiye kuyamba kuwamwa tsaya litatupa kale kuli ngati kukumba chitsime nyumba ikupsa.

Za arnica, chitsamba chimene amati chimachepetsa kutupa, n'zachidule. Timibulu take tochepetsedwa mphamvu sitinaonetse phindu lokhazikika m'kafukufuku, ndipo chitsamba chenichenicho ndi poizoni chikamezedwa, choncho mafuta ake sayenera kupakidwa m'kamwa kapena pabala lotseguka.

Pamene masapulimenti amalimbana ndi mankhwala ena

Kuno ndi kumene kuli ngozi yeniyeni, ndipo n'kumene ndimaona kuti anthu amakupeputsa chifukwa cha mawu akuti zachilengedwe. Makapisozi a adyo, ginkgo, ginseng, jinja ndi vitamini E wambiri akhoza kuchedwetsa kuundana kwa magazi, makamaka mwa munthu amene akumwa kale mankhwala osungunula magazi monga warfarin, aspirin kapena clopidogrel. Popeza magazi oundana aja ndiwo nsanja yoyamba ya fupa latsopano, bala lopitiriza kukha magazi silingoipitsa pilo chabe. N'chifukwa chake bungwe la madokotala ogonetsa anthu pa opaleshoni ku America limalangiza kusiya mankhwala a zitsamba masabata awiri opaleshoni isanachitike. Langizo limeneli silikukhudza mankhwala olembedwa ndi dokotala. Munthu amene anapatsidwa warfarin kapena aspirin chifukwa cha mtima kapena sitiroko sayenera kuwasiya payekha, chifukwa ngozi ya magazi kuundana m'mitsempha ndi yaikulu kuposa ya kukha magazi m'kamwa, kumene dokotala wa mano amatha kukuletsa.

Kwa anthu ambiri a kuno kwathu nkhani yaikulu ndi ya ma ARV. Kuyambira mu 2019 anthu ochuluka amene akumwa mankhwalawa ku Malawi anasinthidwira ku piritsi lokhala ndi dolutegravir. Kashiamu, ayironi, zinki ndi maginiziyamu amagwirana ndi dolutegravir m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Ndiye munthu amene wagula mapiritsi olimbitsa mafupa kuti dzino lake ligwire, n'kumawamwa limodzi ndi ma ARV m'mimba mulibe chakudya, akhoza kufooketsa mankhwala amene akusunga moyo wake. Malangizo a mankhwalawa ndi akuti dolutegravir amwedwe maola 2 musanamwe michereyi kapena maola 6 mutaimwa, ngakhale kuti kashiamu ndi ayironi akhoza kumwedwa nthawi imodzi naye ngati mukumwera pa chakudya. Michere yomweyi imafooketsanso doxycycline ndi ciprofloxacin, amene ndi mankhwala opha mabakiteriya. Chitsamba cha St John's wort, chimene anthu ena amamwa chifukwa cha nkhawa, n'choopsa kwambiri pa mbali imeneyi, chifukwa chimafulumizitsa chiwindi kuchotsa m'thupi ma ARV, warfarin, mapiritsi olera, ngakhale midazolam amene madokotala ena amapereka kuti wodwala akhazikike pa opaleshoni.

Pali vuto linanso la mabotolo amene zolemba zake sizinena zoona. Mu 2022 bungwe la FDA linachenjeza za Artri King, sapulimenti imene inkagulitsidwa ngati yachilengedwe yochiza mafupa, itapezeka kuti munali mankhwala a kuchipatala ochepetsa kutupa, diclofenac ndi dexamethasone, osalembedwa pabotolo. Sapulimenti yotere imaphwetsadi tsaya mofulumira, koma munthu akaiphatikiza ndi ibuprofen wa kuchipatala amakhala akumwa mankhwala awiri a gulu limodzi, diclofenac ndi ibuprofen, mosadziwa, zomwe zimabweretsa zilonda za m'mimba ndi vuto la impso, ndipo dexamethasone womwedwa kwa nthawi yaitali amakweza shuga, amafooketsa chitetezo ndi mafupa omwe.

Zimene zili ndi umboni wolimba

Poyerekeza ndi zonsezi, zimene madokotala amagwiritsa ntchito n'zosavuta. Pa ululu, malangizo a mu 2024 a bungwe la madokotala a mano ku America, American Dental Association, amaika patsogolo ibuprofen kapena mankhwala a gulu lake, paokha kapena pamodzi ndi paracetamol, kwa amene alibe zilonda za m'mimba, vuto la impso, pakati kapena mankhwala osungunula magazi. Ibuprofen amaletsa timankhwala totchedwa prostaglandin, timene timabweretsa ululu komanso timathandiza pomanga fupa, ndiye chifukwa chake amaperekedwa kwa masiku ochepa basi. Pa maopaleshoni aakulu dokotala akhoza kupereka dexamethasone kamodzi kapena kwa nthawi yochepa, pa mlingo umene iye akuudziwa. Kuunika kwa mu 2013 kwa Cochrane, bungwe lophatikiza zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, kunapeza kuti magalamu 2 kapena 3 a amoxicillin omwedwa ola limodzi opaleshoni isanayambe amachepetsa kulephera kwa mizu, ndipo pa anthu 25 opatsidwa mankhwalawa mmodzi amapulumuka ku vutoli.

Kunyumba, ayezi wokutira m'kansalu n'kuikidwa patsaya kwa mphindi 15 kapena 20 n'kupumira amathandiza pa tsiku loyamba, monganso kugona mutu uli pamwamba. Pa maola 24 oyamba munthu sayenera kuchukucha mwamphamvu, kulavula pafupipafupi, kumwera m'kapaipi kapena kudya phala lotentha, kuti magazi oundana asachoke. Kenako madzi ofunda amchere kapena mankhwala ochukuchira m'kamwa a chlorhexidine, malinga ndi zimene dokotala walemba, amasunga pabala paukhondo.

Zinthu ziwiri zimalemera kuposa botolo lililonse. Kafukufuku wophatikiza wa mu 2015 anapeza kuti mizu yoikidwa mwa osuta fodya imalephera mowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi ya osasuta, chifukwa chikonga chimafinya timitsempha timene tikufunika kubweretsa magazi pabala. Shuga wosalamulirika naye amachedwetsa kupola ndipo amapatsa mabakiteriya mpata.

Zoti dokotala adziwe, ndi nthawi yake

Nthawi yabwino yokambirana za masapulimenti ndi tsiku lokonzekera opaleshoni, patatsala masabata awiri kapena kuposerapo, chifukwa vitamini D wotsika amatenga masabata angapo kuti akwere ndipo zitsamba zina zimatenga masiku kuti zichoke m'thupi. Kutenga mabotolo enieniwo kapena zithunzi za zolemba zake n'kwabwino kuposa kutchula mayina pamtima, popeza botolo lolembedwa kuti ndi la mafupa likhoza kukhala ndi zinthu khumi mkati mwake. Mankhwala a kwa sing'anga ndi tiyi wa zitsamba ayeneranso kutchulidwa mopanda manyazi. Chimodzimodzinso mankhwala a kufooka kwa mafupa monga alendronate, zoledronate ndi denosumab, amene anthu ena amawasokoneza ndi mapiritsi a kashiamu, chikhalirecho amasintha kapoledwe ka fupa ndipo nthawi zina amachititsa fupa la nsagwada kufa pambuyo pa opaleshoni.

Amene akukachitidwa opaleshoni kunja apemphe kalata yolemba dzina la kampani ya muzu umene waikidwa, kukula kwake, mankhwala amene apatsidwa, ndi tsiku limene dokotala walola kuti ayambirenso masapulimenti amene anasiya. Dokotala wa mano amene adzawaone akabwerera adzafunika kalata imeneyo pochotsa ulusi, ndiponso ngati tsaya litadzatupanso patapita masabata.